Dzina la Stefano: Tanthauzo ndi Mbiri Yake

Dzina la Stefano ndi limodzi mwa maina akale kwambiri amene akhristu amapatsa ana aamuna pa ubatizo. Ambiri timalimasulira kuti "chisoti chaufumu", koma kumasulira kotere sikufika patsinde penipeni.

Dzinali lidachokera ku mawu a Chigriki akuti stephanos. Pofuna kunena chisoti cha mfumu, Agriki anali ndi mawu ena, diadema. Stephanos inali nkhata ya masamba, nsangamutu, imene ankaveka munthu wopambana pa mpikisano. Ku Olympia ankailuka ndi masamba a mtengo wa olivi. Munthu sankabadwa nayo kapena kuilandira ngati cholowa, ankaivala atathamanga mpaka kumapeto. Paulo Woyera adagwiritsa ntchito mawu omwewa pa 1 Akorinto 9:25 poyerekeza mphotho yofota ndi mphotho yosatha. Chimene akatekisti ayenera kuchisunga bwino n'chakuti nkhata yaminga imene asilikali adaveka Ambuye Yesu imatchedwanso stephanos m'Chigriki cha Mateyo, Marko ndi Yohane.

Amene adatchukitsa dzinali ndi Stefano Woyera, wa m'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6 ndi 7. Ku Yerusalemu kudabuka madandaulo akuti amayi amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankaiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi adauza mpingo kuti usankhe amuna 7 oti ayang'anire ntchitoyo, ndipo onsewo maina awo ndi a Chigriki. Ife tikuona nzeru pamenepa: udindo udapatsidwa kwa anthu a mbali imene inkadandaulayo. Stefano, woyamba kutchulidwa mwa madikoni amenewa, adaimbidwa mlandu ku bwalo lalikulu la Ayuda, naponyedwa miyala kunja kwa mzinda uku akupempherera omuphawo. Zovala za mboni zidaikidwa pa mapazi a mnyamata wotchedwa Saulo, yemwe pambuyo pake adakhala Paulo mtumwi. N'chifukwa chake alaliki akale ankakonda kunena kuti mmartiri woyambayu adalandira chimene dzina lake lidalonjeza.

M'chaka cha 415 wansembe wina dzina lake Lucian adalengeza kuti wapeza manda a Stefano pafupi ndi Yerusalemu. Zotsalira za thupi lake zidafalikira m'maiko ambiri, zina zidafika ku Hippo, kumpoto kwa Africa, kumene Augustino Woyera anali episkopi, ndipo iye adalemba za anthu amene adachiritsidwa kumeneko. Chikondwerero cha Stefano chimakhala pa 26 Disembala, tsiku lotsatana ndi Khrisimasi.

Apapa angapo adadziwika ndi dzinali. Papa Stefano Woyamba, amene adalamulira kuyambira 254 mpaka 257, adatsutsana ndi Cyprian Woyera wa ku Carthage, naumirira kuti munthu wobatizidwa moyenera kunja kwa Eklezia asabatizidwenso pamene akulowa. Mfundo imeneyi tikuitsatabe m'maparishi mwathu. Ku Hungary, mfumu yoyamba yachikhristu idabadwa ndi dzina lakuti Vajk, nkulandira dzina la Stefano pa ubatizo. Idamwalira mu 1038 ndipo idalengezedwa kukhala woyera mu 1083.

Mtundu uliwonse udalitchula dzinali monga mwa lilime lake: István ku Hungary, Étienne ku France, Esteban ku Spain, Stephen kapena Steven m'Chingerezi, ndi Estêvão kwa abale athu a ku Mozambique. Onsewa nkhoswe yawo yoyamba ndi dikoni wa ku Yerusalemu uja.