Dokotala wa m'bokosi la apolisi

Loweruka pa 23 Novembala 1963 chakumadzulo, wailesi yakanema ya BBC inaonetsa gawo loyamba la sewero la Doctor Who. Linali tsiku loipa kuyambirapo chinthu. Dzulo lake Pulezidenti Kennedy anali atawomberedwa ku Dallas, ndipo maganizo a anthu ku Britain anali pa malirowo, moti gawolo anachita kulibwereza sabata yotsatira.

Nkhani yake inayamba ndi aphunzitsi awiri, Ian ndi Barbara, amene ankadabwa ndi mtsikana wa pasukulu yawo, Susan. Mwanayo ankadziwa sayansi kuposa iwo, koma ndalama za dziko lomwe ankakhalamo zinkamusokoneza. Anamulondola mpaka pamalo otayirapo zitsulo zakutha, napeza agogo ake, nkhalamba yosachedwa kupsa mtima yotchedwa Dokotala, ikukhala m'kabokosi kabuluu kaja apolisi a ku Britain ankaimbirapo foni m'misewu. Atalowa, anaona kuti mkati ndi mokula kuposa kunja. Imeneyo ndiyo TARDIS, chombo choyenda m'mlengalenga komanso m'nthawi, kumbuyo kapena kutsogolo.

Chimene ine ndimachikondera kwambiri seweroli n'chakuti zinthu zake zotchuka zinabadwa chifukwa chosowa pogwira. M'nkhanimo, TARDIS imayenera kusintha maonekedwe kulikonse kumene yatera. Kupanga chombo chatsopano sabata iliyonse kukanadya ndalama zambiri, choncho olemba anangoti makina osinthirawo anafa, ndipo bokosilo lakhala labuluu mpaka lero. Phokoso lake ikamanyamuka analipanga Brian Hodgson pokwecheza kiyi pa mawaya a piyano yakutha. Nyimbo yotsegulira anapeka ndi Ron Grainer, koma amene anaiumba ndi Delia Derbyshire, podula tepi timapisi ting'onoting'ono ndi kutilumikiza pamanja, liwu limodzilimodzi. Dzina la mayi ameneyu linadzaoneka pa seweroli ngati wokonza nyimboyo mu 2013, iye atamwalira kale, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Otsogolera ntchitoyi nawonso sanali anthu amene akuluakulu a BBC ankawawerengera. Sydney Newman, wochokera ku Canada, anaupereka udindo woyendetsa seweroli kwa Verity Lambert, mayi wa zaka 27, pa nthawi imene maudindo otere anali a abambo okhaokha. Wowongolera magawo oyamba anali Waris Hussein, mnyamata wa zaka 24 wobadwira ku India. Newman ankafuna sewero lophunzitsa ana mbiri yakale ndi sayansi, ndipo zilombo zoopseza sankazifuna. Lambert anaumirira kuti zikhalemo. Mu Disembala chaka chomwecho ma Dalek opekedwa ndi Terry Nation anatulukira, zitini zazikulu zokhala ndi munthu mkati akudzikankha ndi mapazi pa timatayala, mkono umodzi uli kampira kotsegulira sinki yatsekeka. Ana anachita nawo mantha, nawakonda, ndipo oonera anachuluka kwambiri.

Kenaka kunabwera vuto limene likanathetsa zonse. William Hartnell, amene ankasewera ngati Dokotalayo, anayamba kudwala matenda a mitsempha ya magazi, mawu ake ankawaiwala. Mu 1966 anafunika kupuma. Opanga seweroli akanatha kupeza nkhalamba ina yofanana naye n'kumanamizira kuti palibe chasintha. Iwo anaganiza zina: popeza Dokotala si munthu wa padziko lino, thupi lake likatopa likhoza kusanduka lina, ndi nkhope ina, ndi khalidwe lina. Hartnell anagwa pansi m'TARDIS, nkhope yake inawala, anadzuka Patrick Troughton, wamfupi, wanthabwala, woimba chitoliro. Popanda nzeru imeneyi sitikanamuona Tom Baker ndi sikafu yake yaitali kuyambira 1974 mpaka 1981, kapena Jodie Whittaker, mayi woyamba kutenga udindowu, kapena Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda n'kukulira ku Scotland.

Mbiri ya Dokotala mwini wake inkamangidwa pang'onopang'ono, olemba akusiyirana. Mtundu wake, ma Time Lord, unadziwika mu 1969. Zoti ali ndi mitima iwiri zinamveka mu 1970, chaka chimene seweroli linayamba kuoneka lamitundumitundu, Dokotala ali Jon Pertwee. Dzina la kwawo, Gallifrey, linatchulidwa mu 1973, patatha zaka khumi. Mu 1976 wina analemba kuti kusandukako kumathera pa maulendo 12, lamulo limene anzake anadzavutika kulizemba mu 2013. BBC inaliimitsa seweroli mu 1989, kunatuluka filimu imodzi mu 1996, ndipo Russell T Davies analiukitsa mu 2005 akulijambulira ku Cardiff.

Koma pali bala limene silinapole. Kalelo matepi ojambulira anali okwera mtengo, ndipo BBC inkafufuta zakale kuti ijambulepo zina. Mchitidwewu unasiyika mu 1978, magawo ambiri a Hartnell ndi Troughton atapita kale. Oposa 90 akusowabe. Ena anapulumuka chifukwa BBC inkagulitsa makope a filimu kumaiko akunja, kuphatikizapo Zambia, Nigeria, Australia ndi Hong Kong, ndipo zitini za filimuzo zinkadutsa dziko ndi dziko, zina n'kuiwalika m'zipinda zosungiramo katundu. Nkhani ya The Tomb of the Cybermen inabwerera kuchokera ku Hong Kong mu 1992. Mu 2013 kunalengezedwa kuti Philip Morris wapeza magawo 9 pasiteshoni ina ya wailesi yakanema mumzinda wa Jos ku Nigeria.

Mawu okha a magawo onse osowawo alipo, chifukwa achinyamata ena m'zaka za m'ma 1960 ankajambula mawu a seweroli kunyumba kwawo, ena pongoika maikolofoni pafupi ndi TV. Mawu amenewo ndi amene akatswiri akuwagwiritsa ntchito masiku ano pojambulanso nkhanizo ngati zidole zoyenda, monga anachitira mu 2016 ndi The Power of the Daleks, nkhani yoyamba ya Troughton. Gawo lomaliza la The Tenth Planet, limene Hartnell anasandukiramo, ndi limodzi mwa osowawo. Kachigawo ka kusandukako kanatsala chifukwa pulogalamu ya ana ya Blue Peter inakaonetsa mu 1973.