Philip K. Dick ndi mapilitsi a amphetamine

Philip K. Dick anabadwa pa 16 Disembala 1928 ku Chicago, mapasa ndi mlongo wake Jane, yemwe anamwalira patangotha milungu 6. Anakulira ku Berkeley, ku California. Atayamba kugulitsa nkhani zopeka za sayansi cha m'ma 1950, anapeza kuti malipiro ake ngochepa zedi, moti kuti pakhomo asagone ndi njala ankayenera kulemba usana ndi usiku. Ndiye anayamba kumwa mapilitsi a amphetamine, omwe amachotsa tulo n'kuthamangitsa maganizo.

Mabuku anatulukadi motsatizana. The Man in the High Castle linamupatsa mphoto ya Hugo mu 1963, ndipo mu The Three Stigmata of Palmer Eldritch la 1965 muli anthu okhala ku Mars omwe amatafuna mankhwala kuti aiwale mavuto. Koma mankhwala a m'mabuku amenewa ngongoyerekeza, amatengera munthu kudziko lina lodabwitsa. Pa nthawiyi Dick anali asanaone kumene njirayi imathera.

Anakuona mu 1970. Mkazi wake Nancy atamuchokera, nyumba yake ya ku San Rafael inasanduka pogonera achinyamata ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Ankadya nawo, kucheza nawo mpaka mbandakucha, aliyense akukayikira mnzake kuti ndi kazitape wa apolisi. Mu 1972 anapita ku Vancouver, komwe anayesa kudzipha, kenaka analowa ku X-Kalay, malo othandiza ofuna kusiya mankhwala.

Atatuluka ndi pomwe analemba A Scanner Darkly, lomwe linasindikizidwa mu 1977. Nkhani yake ikuchitika mu 1994: wapolisi wachinsinsi, Bob Arctor, watumidwa kuti azizonda nyumba yake yomwe, ndipo mankhwala otchedwa Substance D amugawa ubongo mpaka sakudziwanso kuti yemwe akumuzondayo ndi iye mwini. Za sayansi zilimo, monga chovala chobisa nkhope, koma chomwe chimandigwira mtima ndi macheza a m'nyumbamo. Mmodzi wagula njinga ya magiya 10. Anzake akuwerenga: awiri kutsogolo, asanu kumbuyo, onse pamodzi 7. Akukangana, akukwiya, akuti atatu enawo abedwa. Palibe yemwe wakumbukira kuti awiriwo amachulukitsidwa ndi asanu. Aliyense amene anamverapo anyamata osuta chamba akulimbana pa nkhani yosamveka mutu kuseri kwa msika, amadziwa kuti zimenezi Dick sanapeke. Poyamba umaseka, kenaka umazindikira kuti ukumvetsera mitu ikuwonongeka.

Pali omwe amati mapilitsi ndiwo anamupatsa luso. Ine ndimakana. Mapilitsi anamupatsa liwiro ndi mantha. Buku lake loona kwambiri pa nkhaniyi analilemba atawasiya, akukumbukira mayankhulidwe a anzake ndi kuwalira. Kumapeto kwa bukulo anandandalika mayina awo, ena omwalira, ena openga, ena owonongeka ubongo mpaka kale, ndipo pakati pawo anaikapo dzina lake, chifukwa kapamba wake anali atawonongeka.

Dick anamwalira ndi sitiroko pa 2 Malichi 1982 ku Santa Ana ali ndi zaka 53, kutangotsala miyezi pafupifupi inayi kuti filimu ya Blade Runner, yochokera m'buku lake la 1968, iyambe kuonetsedwa.