Madzi obiriwira a m'damu langa

Dzulo mlamu wanga wa ku Lilongwe ataona damu langa anati, "Alamu, madzi obiriwira chonchi, nsombazi sizifa?" Ndinaseka, koma bambo anga malemu ankaganizanso choncho.

Ulimi wa nsomba m'Malawi muno unayamba mu 1906, azungu atabweretsa trout kuti aziwedza posangalala. Za m'madamu a anthu wamba zinayamba m'zaka za m'ma 1950, ku Nchenachena ku Rumphi ndi ku Domasi ku Zomba, ndi nsomba zathu zomwe, makumba ndi chilunguni. Kuno ku Kasungu maso onse anali pa fodya.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, alimi ang'onoang'ono titaloledwa kulima bale, bambo anakumbanso damu kudambo kuti ndiwo zisamadikire ndalama za ku okushoni. Koma manyowa onse a mbuzi ndi nkhuku ankapita ku fodya, damu osalawako. Madzi anali mbee, mpaka pansi kuoneka, iwo n'kumanyadira. Makumba ankaswa ndithu, timawaona atafungatira ana m'kamwa, koma tiana timene tinkakula tinali towerengeka. Tinanamizira achule, mbalame, ena mpaka kuloza zala anzathu oyandikana nawo.

Mlangizi ndiye anadzatimasula. Kamwana ka nsomba kakangoswedwa kamadya kathumba ka pamimba pake masiku ochepa. Kakatha, kakamwa kake sikangameze madeya athuwa. Kamafuna ndere ndi tizilombo tamoyo tosaoneka bwino ndi maso, tomwe asayansi amati plankton. Manyowa ndi dzuwa zimameretsa ndere, tizilombo n'kudya ndereyo, tiana n'kudya zonse ziwiri. Ndiye kuti tiana ta bambo tinkafa ndi njala m'madzi oyerawo.

Lero ine ndimamanga kakhola pakona ya damu n'kuthiramo manyowa, milungu iwiri ndisanaike mbewu. Muyeso ndi mkono. Ndimauviika mpaka m'chigongono, chikhatho chikamaoneka bwinobwino ndiye kuti chakudya chachepa. Chikasowa msanga, manyowa achuluka, ndipo m'mawa mupeza nsomba zikupuma pamwamba. Pamenepo siyani kuthira, onjezerani madzi.

Inu amene mukukumba madamu chaka chino, pogawa manyowa musaiwale damu. Alamu, Loweruka bwerani ndi ana, makumba akula.