Kumene Chimangirizo Cholowera Koleji za ku Amereka Chinachokera

Anzanga akale, ife tinalowa yunivesite chifukwa cha mapointi, koma ana athu ofuna maphunziro ku Amereka amafunsidwanso chimangirizo chonena za moyo wao. Mwambowu unayamba moipa. M'zaka za m'ma 1920, sukulu monga Harvard zinayamba kufufuza khalidwe la ofunsira malo pofuna kuchepetsa ophunzira Achiyuda. M'chaka cha 1975, makoleji 15 anagwirizana kukhala ndi fomu imodzi yotchedwa Common Application, imene chimangirizo chake lero sichipyola mau 650. Malo ochepa chotero sakwana kutchula mphoto zonse. Tsono ine ndimalangiza ana kuti asankhe kanthu kamodzi kapakhomo, monga mmene agogo anaweruzira mkangano wa malire a munda. Nkhani yotere palibe wina angailembe.