Kodi "tummy tuck" n'chiyani?

Mawuwa afala pa Facebook, moti ena akuwagwiritsa ntchito potsatsa tiyi wochepetsa thupi ndi malamba omanga pamimba. Kumeneko n'kusocheretsa anthu. Tummy tuck ndi opaleshoni yeniyeni.

Ndi mawu a Chingerezi. Tummy ndi mimba m'kalankhulidwe ka ana, pomwe tuck ndi kupisira, monga timapisira malaya m'buluku. Madokotala amati abdominoplasty, ndipo chakumapeto kwa dzinali kudachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kuumba.

Taganizirani mayi wobereka katatu. Wachepa thupi, koma khungu la pamimba likulendewerabe, akamanga chitenje limapindikira pamwamba pa mfundo. Pa opaleshoniyi, dokotala amacheka m'munsi mwa mimba, kuchokera mbali ina ya chiuno kukafika inayo. Amasoka minofu yomwe idatalikirana pa nthawi ya pakati, amadula khungu lotsala, n'kuboola malo atsopano otulukira mchombo. Chipsera chimakhalapo mpaka kalekale, ndipo kwa masabata pafupifupi 6 mayiyo sanyamula cholemera, ngakhale ndowa ya madzi.

Musasokoneze tummy tuck ndi liposuction: imeneyo imangoyamwa mafuta ndi kapaipi, khungu lolendewera siichotsa.