Dzulo ndi Mawa pa Mkono wa Munthu

Munthu sakhutira ndi kudziwa za lero zokha. Amafuna kukumbukira zadzulo ndiponso kudziwiratu zamawa. N'chifukwa chake kuyambira kalekale wakhala akupanga tizipangizo tovala pathupi tomukumbutsa kumene wachokera ndi kumene akupita. Mbiri ya boma la Rumphi ingatithandize kuona m'mene tizipangizoti tasinthira, ndiponso chimene chatayika m'kusinthako.

Makolo athu analibe wotchi, komabe sankayenda mumdima. Mayi ankamanga mkuzi m'chiuno mwa khanda lake. Mkuziwo ukayamba kuthina, mayiyo ankadziwa kuti mwana wakula kuposa mwezi wathawo. Ukakhwefuka, ankadziwiratu kuti mwanayo akuwonda ndipo matenda ali pafupi. Kachingwe kamodzi kankanena zam'mbuyo ndi zam'tsogolo, ndipo ngakhale munthu wosapita kusukulu ankamva uthenga wake.

Chovala chinkasunganso mbiri ya dziko. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Mlowoka anawoloka nyanja ya Malaŵi nafika m'chigwa cha Nkhamanga kudzagula minyanga ya njovu. Mafumu amene anagwirizana naye ankawapatsa makasu, mikanda ndi nsalu zomanga kumutu. Nduwira yotereyi inali ngati kalata ya pangano. Woiona ankakumbukira ubale umene unamangidwa, nadziwanso amene ayenera kumumvera mawa. Ufumu wa Chikulamayembe unaphuka pamenepo, ndipo mbiri yake imafotokozedwabe chaka ndi chaka pa mwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1894 pamene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pamwamba pa phiri ku Khondowe. Mnyamata amene kwawo ankadzuka ndi tambala woyamba, namayeza nthawi poona dzuwa, tsopano anayamba kudzuka, kudya ndi kulowa m'kalasi potsata belu. Nsanja ya wotchi imene ili pamishonipo ndi mboni ya kusinthaku. Koma wotchi ya pansanja inali imodzi ya anthu onse, ndipo munthu sakanatha kuinyamula popita kumunda kapena paulendo.

Chimene chinafalitsa wotchi ya pamkono ndi nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918. Asilikali a ku Ulaya anaona kuti kupisa m'thumba kuti aone nthawi kunkawachedwetsa, choncho anayamba kumangirira wotchi padzanja. Nkhondo itatha, chizolowezichi chinafalikira m'maiko ambiri. Kwathu kuno, amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia ankafika pamudzi wotchi ikunyezimira pamkono. M'chaka cha 1945 kampani ya Rolex inatulutsa wotchi yotchedwa Datejust, yokhala ndi kazenera koonetsa deti. Ngakhale zinali choncho, wotchi inkangonena za tsopano basi. Pankhani ya dzulo ndi mawa, mkuzi unkaiposabe.

Amisiri anayesa kuthetsa vutoli popanga wotchi yokhala ndi kakompyuta m'kati. M'chaka cha 2015 kampani ya Pebble ya ku America inatulutsa wotchi yotchedwa Pebble Time. Opangawo anandandalika zochitika za mwini wotchi ngati mikanda pachingwe. Munthu akadina batani lapamwamba ankaona zimene zadutsa, akadina lapansi ankaona zimene zikubwera, monga msonkhano kapena nyengo ya mawa. Chaka chomwecho kampani ya Apple inaika nzeru yofananayo pa wotchi yake: popotokola kachitsulo ka m'mbali, munthu ankabwerera m'mbuyo kapena kupita m'tsogolo. Koma Pebble inatsekedwa mu 2016, ndipo Apple inachotsa njira imeneyi mu 2018.

Ntchito imeneyi ndi yovuta chifukwa nkhope ya wotchi ndi yaing'ono, ndipo munthu amangoiyang'ana mwachidule ali m'kati mwa ntchito zina. Wopanga ayenera kusankha zinthu zochepa zoti zioneke, zina zonse n'kuzisiya. Apa ndiye pagona nkhani. Mkuzi ankamanga ndi mayi amene ankadziwa chosowa cha mwana wake. Nduwira inkavalidwa pamaso pa anthu odziwa tanthauzo lake. Koma zoonekera pa wotchi yamakono amasankha ndi anthu a kutali, amene sadziwa kuti mlimi wa fodya wa m'chigwa cha Henga kapena mlimi wa khofi wa ku Phoka amafuna chiyani. Komanso dzulo la wotchi limathera pa masiku ochepa, pamene dzulo la nduwira lapitirira zaka mazana awiri.

Ena mwa inu ophunzira mudzakhala amisiri opanga zipangizo zotere. Mlimi wa ku Rumphi safuna mauthenga ambirimbiri padzanja lake. Afuna kudziwa tsiku limene mvula inayamba chaka chatha ndi tsiku limene aiyembekezere chaka chino, m'Chitumbuka chimene amamva, kapena m'chizindikiro chosalira kuwerenga. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Chipangizo chimene chidzachenjeze mlimi ameneyu mvula isanamudzidzimutse chidzakhala chatsata nzeru ya mayi womanga mkuzi.