Makina Akale a ku Nkula

Kutsidya kwa malire athu a Vubwi, kumwera kwa dziko la Malawi, kuli nyumba ya magetsi ya Nkula A pa mtsinje wa Shire. Anaitsegula m'caka ca 1966, iri ndi makina atatu opatsa mphamvu ya megawati 24. Masiku amenewo woyang'anira anali kuwerenga mivi ya m'mageji, nalemba manambala m'buku. Koma citsulo cikalamba monga munthu. Tsono ndi ndalama zocokera ku America anakonzanso makinawo, naika makompyuta m'malo mwa mageji. Nchitoyi inafuna kuimitsa makina, ndipo mu 2017, madzi a Shire atacepanso, anthu anagona mumdima masiku ambiri. Inatha mu 2018, mphamvu itafika pa megawati 35.